Za Malo a Masewero kwa Aluya

Pokhala ife ana, madzulo tinkapinda zala patsogolo pa nyali, ndipo pakhoma pankaoneka kalulu wogwedeza makutu. Sitinadziwe kuti Aluya anakuza luso lotere kalekale. Ku Cairo kunali sing'anga wa maso, dzina lake Ibn Daniyal, amene anamwalira cha m'ma 1310. Iyeyu analemba masewero atatu a zithunzithunzi. Osewera ankapachika nsalu yoyera, nayatsa nyali kumbuyo kwake, nayendetsa tizifanizo tachikopa ndi timitengo. Malo onse anali nsalu imodzi yokha, koma pamenepo panakwana msika wathunthu, ndi atambala olimbana omwe.

Tsono m'chaka cha 1847, Marun al-Naqqash, wamalonda wa ku Beirut, ataona masewero ku Italy, anachititsa sewero m'nyumba mwake monga mwa Azungu. Mwambo umenewu unafala: osewera pamwamba pa nsanja, oonera pamipando m'mizeremizere, ndi chinsalu chotchinga pakati pawo. Munthu analowa, nakhala chete, natuluka.

Koma bwalo lakale silinafe ai. Kufikira lero pa msika wa Jemaa el-Fna ku Marrakesh, anthu azinga wonena nthano monga mkombero, ndipo mkomberowo autcha halqa. Pamenepo palibe kutsogolo kapena kumbuyo. Wosewera atembenukira mbali zonse, ndipo yense aona nkhope ya mnzake.

Chotigwira mtima koposa ndicho chimene anachita Saadallah Wannous wa ku Syria. Aluya atagonja pa nkhondo ya mu June 1967, iye analemba sewero limene osewera ena akhala pakati pa oonera, ngati anthu wamba. Za pa nsanja zitayamba, iwo anyamuka, natsutsa bodza, nafunsa chifukwa chake dziko linagonja. Potsiriza akuluakulu a boma a m'seweromo atseketsa zitseko, nalamula kuti oonerawo agwidwe. Motero nyumba yonse isanduka bwalo la mlandu, ndipo palibe wina anganene kuti anangodzaona.

Abale, pano tiphunzirapo kuti pokhala munthu ndipo pamuuza ngati ayenera kulankhula kapena kukhala duu. Ife tinakulira pabwalo, pamene agogo poyamba nthano sankapitirira tisanavomere. Koma ana athu akakonza sewero kusukulu, tifulumira kundandika mabenchi, ndi kukhazika alendo patsogolo, amayi ndi ana kumbuyo kumene sikumveka kanthu. Kodi sitikutaya mwaulere chimene anzathu aja anachifunafuna ndi misozi? Tsiku lina tiyese kuchotsa mabenchiwo, tikhalenso mozungulira.