Maola awiri a ndege asakupusitseni

Ana anga, makamaka inu a kwathu kuno kwa Katuli amene amuna anu ali ku Joni, pali mawu afala masiku ano amene ine sandisangalatsa. Bambo akuuza mkazi wake woyembekezera pa foni kuti, "Usadandaule, matenda akangoyamba undiimbire, pa ndege ndi maola awiri basi."

Sakunama ayi. Kuchoka pa bwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg kudzatera pa Chileka ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imauluka maola awiri ndi mphindi zochepa. Koma kodi ndegeyo imatera kwa Katuli?

Tiwerenge limodzi. Tikiti yogula lero n'kukwera lero imadula, ndipo mwina ndege ya tsikulo yadzaza kapena yanyamuka kale. Pa bwalo amafuna munthu afike kudakali maola awiri kapena atatu. Akatera pa Chileka, patsala makilomita pafupifupi 200 kudzera ku Zomba ndi Liwonde kuti afike pa Mangochi boma, minibasi ikuima paliponse. Awoloke Shire, akwere mapiri a Chowe, afike pa Namwera, ndiye ayambe msewu wa kwathu. Apo n'kuti kunja kwada.

Komanso tisanamizane, anyamata athu ambiri amabwera pa basi. Njira yake ndi makilomita opitirira 1,700: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Mwanza, ndipo pa chipata chilichonse pali mzere. Tsiku limodzi silikwana. Ena mapepala awo anatha kalekale, ndipo akudziwa kuti akatuluka akhoza kuletsedwa kubwererako mpaka zaka zisanu. Zimenezi pa foni sanena.

Tsono mverani ine amene ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba mpaka kupuma. Mayi akataya magazi ambiri atangochira, akhoza kutisiya pasanathe maola awiri ngati sanathandizidwe. Maola awiri omwewo, bambo asanamange ndi chikwama chomwe. Mwana akagona mopingasa pamafunika opareshoni, ndipo opareshoni sachitira pa chipatala chaching'ono, ndi ulendo wa ku chipatala chachikulu. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti pakhomo pena mayi akubuula, achibale angokhala, ati tikudikira mwini mbumba kapena mwini mkazi ayankhe foni kuti alole.

Inu abambo, mawu a chilolezo asiyeni lero, pamaso pa apongozi ndi ankhoswe, kuti matenda akayamba asadikire munthu. Ndalama ya galimoto tumizani mimba ikadali ya miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ikhale payokha. Isalowe ku malata, isalowe ku feteleza. Pezani woyendetsa galimoto wodalirika, nambala yake ikhale ndi anthu awiri pakhomopo.

Inu amayi, musajombe ku sikelo, ndipo tsiku limene anamwino akulemberani mulitenge ngati chongoyerekeza, mwana akhoza kubwera masabata awiri lisanakwane. Akakuuzani kuti mukadikirire ku chipatala, tengani zitenje, beseni, ufa ndi wokudikirirani, nyamukani. Musati ndiyambe ndakolola.

Ngati bambo akufunadi kudzaona mwana tsiku lobadwa, apemphe tchuthi kwa abwana msanga, anyamuke mwezi wachisanu ndi chinayi ukungoyamba. Akwere basi yomweyo, yotsalayo adzagulire mayi nyama ndi sopo.