Kutsata mtsinje wokwiririka wa Walbrook mu London

Walbrook unali mtsinje waung'ono wochokera cha ku Shoreditch n'kukathira mu Thames. Unkadutsa pakati pa mzinda wa Londinium, umene Aroma anayamba kumanga cha m'ma 47 A.D. Anthu anauvundikira zaka mazana angapo zapitazo, ndipo chatsala ndi dzina la kamsewu kopanikizika pafupi ndi siteshoni ya Bank. Ndinatsika sitima yapansi panthaka pa siteshoni imeneyi m'mawa, pakati pa chikhamu cha antchito a m'mabanki. Ndinkafuna kuyenda wapansi kulowera kumene mtsinjewo unkachokera, kuti ndione zimene ofukula zakale anapulumutsa m'mbali mwake omanga asanathire simenti.

Ndinayambira pa nambala 12 Walbrook, pansi pa likulu la kampani ya Bloomberg ku Ulaya, lomwe linatsegulidwa mu 2017. Kulowa m'malo oonetsera zakale amene ali pamenepo n'kwaulere. Malowa anasakazidwa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1954, pokonzekera kumangapo maofesi a Bucklersbury House, W. F. Grimes ndi Audrey Williams anakumbapo n'kupeza maziko a nyumba yachiroma. Pa 18 Seputembala, tsiku lomwe ntchito inkayenera kutha, m'dothi munatuluka mutu wa nsangalabwi wa mulungu Mithras, ndipo zinadziwika kuti nyumbayo inali kachisi wake. Anthu masauzande ankafola mizere tsiku ndi tsiku kudzaona, nkhani mpaka inakambidwa ndi nduna za Winston Churchill. Koma ofukula anangowonjezeredwa masabata awiri. Kenako miyala inapasulidwa, ndipo mu 1962 kachisiyo anamangidwanso pamtunda, pafupifupi mamita 100 kuchoka pamalo ake, atayang'ana kolakwika komanso atamatidwa simenti yamakono. Grimes mwiniwake anaikana ntchito imeneyo.

Lero kachisiyo anabwezeredwa pafupi ndi pamene anapezeka, mamita 7 pansi pa msewu. Pa khoma la masitepe otsikirako analembapo zaka, kusonyeza pamene nthaka inali pa nyengo iliyonse, monga pa moto waukulu wa 1666 ndi mu 410, pamene ulamuliro wa Aroma unatha ku Britain. Pansi pali mdima, kankhungu kochita kupopera, kuwala kojambula makoma amene anagwa, ndi mawu a amuna akuyankhulana m'Chilatini. Kachisiyu anamangidwa cha m'ma 240 A.D., ndipo chipembedzo chake chinali cha amuna okhaokha, ambiri a iwo asilikali ndi amalonda. Anakonza bwino, ndipo ndinatulukamo tsitsi litanyung'unya. Komabe chimene chinandichedwetsa kwambiri chinali kumtunda, pa khoma lagalasi pamene aikapo zinthu pafupifupi 600 mwa zoposa 14,000 zomwe bungwe la Museum of London Archaeology, kapena kuti MOLA, linafukula pakati pa 2010 ndi 2014, Bucklersbury House itagwetsedwa.

Matope a Walbrook ndi onyowa ndipo salowa mpweya, choncho zinthu zimene zimaola msanga zinasungika: nsapato zachikopa, chitseko chamatabwa, ndi timatabwa tolembapo tokwana 405. Timatabwati ankatipanga kuchokera ku migolo yakutha, n'kutipaka phula lakuda, ndipo munthu ankalemba paphulapo ndi kachitsulo kosongoka. Phula linatha kalekale. Chotsala ndi timizere timene kachitsulo kanakanda pathabwa pamene wolemba anadinikiza dzanja, nthawi zina kalata ina itagona pa inzake. Katswiri wa ku Oxford, Roger Tomlin, anatijambula zithunzi atatiunika kuchokera m'mbali, ndipo anakwanitsa kuwerenga toposa 80.

Kamodzi kali ndi deti la 8 Januwale 57 A.D., ndipo ndi chikalata cholembedwa pamanja chakale koposa mwa zonse za ku Britain zokhala ndi deti. Ndi cha ngongole. Tibullus, kapolo womasulidwa, akuvomera kuti adzabweza madinari 105 kwa Gratus, nayenso womasulidwa, chifukwa cha katundu amene analandira. Msilikali wachiroma wa nthawiyo ankalandira madinari 225 pachaka, ndiye sizinali ndalama zamasewera. Pa kena, munthu akuchenjeza mnzake Titus kuti amene anawakongoza ndalama akudzitama nazo pamsika ponse, ndipo asamale kuti angadzichotsere ulemu. Ndinamva ngati ndatsegula kope la ngongole la pa okala. Kamene kanandikhudza kwambiri n'ka pa 21 Okutobala 62 A.D., pangano lonyamula mitolo 20 ya zakudya kuchoka ku Verulamium, komwe lero ndi St Albans, kubwera ku London. Mizinda iwiriyi inali itangotenthedwa ndi ankhondo a mfumukazi Boudica mu 60 kapena 61. Phulusa lisanaiwalike, anthu anali atayamba kale kulemberana mapangano a malonda.

Timatabwati tinapulumuka mu 1954 chifukwa maziko a Bucklersbury House sanafike mbali zonse za matopewo, ndipo tinatuluka bwinobwino chifukwa ulendo uno ofukula anapatsidwa nthawi ndi ndalama. Zinasintha mu 1990. Chaka chimodzi izi zisanachitike, anthu anali atachita zionetsero pofuna kuteteza mabwinja a Rose Theatre, kutsidya kwa Thames, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko yakuti womanga aziyamba wafufuza zimene zili pansi pa malo ake, ndi kulipira yekha ntchito yofukula. Sikuti zonse zili bwino, pakuti ofukula ambiri amalembedwa pa makontirakiti afupiafupi, malipiro ake ochepa, akugwada m'matope m'nyengo yozizira makina akudikira pambali. Komabe ine ndili kumbali ya ndondomekoyi ndi mtima wonse. Kwathu nako lamulo la Monuments and Relics Act limafuna kuti omanga adziwitse boma asanayambe kukumba, ndipo ndimalakalaka likadamatsatidwa paliponse pamene katapila akulambula msewu.

Kuchoka pamenepo ndinalowera kumpoto, kudzera Bishopsgate. Pa Liverpool Street, pokonzekera njanji ya Elizabeth line, mu 2015 anafukula mafupa a anthu oposa 3,000 a m'manda a Bedlam, amene anatsegulidwa mu 1569, ndipo pansi pa mandawo panali msewu wachiroma ndi zitsulo zoveka kumapazi a akavalo. Sindinaime nthawi yaitali, chifukwa anthu othamangira sitima sapereka mpata.

Patsogolo pang'ono, ku Shoreditch, pali Principal Place, pomwe pali maofesi a Amazon. Ndinangoonapo magalasi ndi antchito akudya nkhomaliro panja. Koma apa ndi pamene MOLA inapeza mapale 436 a miphika yosachepera 24, olemera pafupifupi makilogalamu 6.5, atatayidwa m'maenje. Zinthu za nthawi imene Aroma anali asanafike, ngati mapalewa, sizipezeka kawirikawiri pakati pa London, chifukwa zaka 2,000 za kukumba maziko zinafafaniza pafupifupi zonse. Asayansi a pa yunivesite ya Bristol, motsogozedwa ndi Richard Evershed, anachotsa mafuta amene analowerera m'dongo la mapalewo n'kuwayeza msinkhu ndi njira ya radiocarbon, ndipo zotsatira zinalengezedwa mu 2020. Miphikayo inali pamoto cha m'ma 3600 B.C., zaka zoposa 3,500 Aroma asanafike. Eni ake anali alimi oweta ziweto: ina ankakonzeramo zamkaka, ina ankaphikiramo nyama ya ng'ombe ndi nkhosa.