Mayendedwe a Abambo Ake

Mlimi wa fodya akafika ku okushoni ya ku Chinkhoma, m'boma la Kasungu, sakhala ndi mawu pa mtengo wa thukuta lake. Ogula ndiwo amatsegula belo, kugwiragwira masamba ndi kutchula mtengo. Komabe ilipo ntchito ina imene mtengo wake amaudziwa ndi mwini wake yekha.

M'chidikha chomwechi mudakulira mwana wina wa tenanti amene lero ndi mmisiri wa makatuni, zithunzi zojambula pamanja zimene zimayenda pa kanema ngati zamoyo. Luso limeneli ndi la anthu opirira. Kuti munthu wojambulidwayo aoneke akuyenda, pamafunika zithunzi 12 pa sekondi iliyonse, chilichonse chosiyana pang'ono chabe ndi chinzake. Motero mphindi imodzi imadya zithunzi 720. Umu ndi momwe amisiri a Walt Disney adavutikira popanga Snow White, amene adatuluka mu 1937. Ngakhale lero kompyuta imathandiza, dzanja ndi diso la mmisiri sizinaloweredwe m'malo.

Mwa makanema amene mmisiriyu adapanga, awiri ndiwo adamtchukitsa. Woyamba ndi wolangiza anthu kusamba m'manja, umene adaupanga pa nthawi ya mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023. Umenewu udambweretsera ndalama zofolerera nyumba ya mayi ake ndi malata. Wachiwiri ndi nthano ya Kalulu ndi Fisi, imene ana amapatsirana pa WhatsApp mpaka kuloweza mawu ake. Koma akafunsidwa ntchito ya pamtima pake, iye satchula iliyonse mwa ziwirizi. Amatchula kanema wa mphindi imodzi, wopanda mawu, amene sadamgulitsepo kwa aliyense.

Abambo ake adamwalira ndi njala ya mu 2002, yomwe ija idachotsa William Kamkwamba wa ku Wimbe pa sukulu. Moyo wawo wonse udathera m'munda ndi m'chigafa: kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala ndi kudinda mabelo. Sadajambulitsepo chithunzi, pakuti ndalama ya tenanti idali kutha isanafike m'manja. Zaka zitapita, mwanayo adazindikira ndi mantha kuti nkhope yawo yayamba kufufutika m'maganizo mwake. Chimene chidatsala ndi mayendedwe awo pochokera ku dambo m'mamawa, atanyamula makheni awiri a madzi othirira nazale.

Adajambula mayendedwewo kwa miyezi itatu, kenaka adapita nawo kumudzi kukaonetsa mayi ake. Iwo adayang'anitsitsa, napukusa mutu.

"Mwanawe, awa si abambo ako. Awa akuyenda ngati kapitawo. Abambo ako ankapendekera kumanzere, ndipo akayandikira nazale ankaima kaye kuti madzi adekhe."

Mawuwo adamlasa, pakuti ntchito ya miyezi itatu idagwa m'kamphindi. Akadafuna akadanena kuti palibe wina angadziwe kusiyana kwake. M'malo mwake adafufuta zithunzi mazanamazana nayambanso. Adabwereka makheni, nawadzaza madzi, nayenda nawo yekha kuchokera ku dambo kufikira mapewa ake atamva chimene abambo ake ankamva. Apo mpomwe adadziwa kuti kupendekera kuja sikudali chibadwa ayi, koma chizindikiro cha katundu wa zaka zambiri.

Ulendo wachiwiri mayi aja sadapukuse mutu. Adaonera kanemayo katatu ali chete, nafunda chitenje kumaso. Potsiriza adangoti, "Waabweretsa, mwanangu."

Mmisiri aliyense ayenera kudya, ndipo palibe cholakwa kugwira ntchito yoti igulidwe. Kanema wa kolera adali wofunika, ndipo wa Kalulu amasekabe nawo ana. Koma mtengo wa ntchito zimenezi adatchula ndi ena, monga zikhalira ku Chinkhoma. Kanema wa makheni yekha ndiye adasunga chinthu chimene chikadatayika mpaka kalekale, ndipo adayesedwa ndi diso la munthu mmodzi amene sakadanyengeka. Akuluakulu adati khotekhote ngwanjira, palinga mtima mpomwepo. Luso lidamtengera mwana wa tenanti uja ku tauni, kwa anthu a makompyuta, koma pomaliza lidambwezera pa kanjira ka ku dambo, m'mbuyo mwa abambo ake.