Injini ya Galimoto la Atate

Atate atamwalira anatisiyira galimoto la Peugeot 404, lija ankanyamulira usipa kuchokera kuno ku Benga kukagulitsa ku Salima. Linakhala zaka zitatu patsinde pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pampando, pakuti injini yake inali itatheratu.

Nditapeza kandalama, amalume anandilangiza kuti ndigule injini ya dizilo ya Toyota, ya malita 2.4. "Mphwanga," iwo anatero, "imeneyo imakoka katundu mosanyinyirika, ndipo zipangizo zake zili mbwee ku Lilongwe." Sananame. Koma makaniko wina anandichenjeza kuti injiniyo njolemera. Kuti ikhazikike pafunika kudula zitsulo, kuwotcherera zina, ndi kusinthanso giyabokosi. Kunena kwina, galimotolo lidzatsala khungu lokha.

Usiku umenewo sindinaone tulo. Injini yakale ya petulo ija, ya malita 1.6, tonse tinkaizindikira kulira kwake ikadali kutali pamsewu wa M5. Amayi akangoimva ankatereka madzi a nsima. Komabe zipangizo zake zinali zitasowa, ndipo azing'ono anga awiri ankadikira fizi.

Ndinagula ya Toyota. Tsiku loyamba kuiliza, amayi anatuluka, namvetsera kanthawi, kenaka anabwerera m'nyumba osanena kanthu.