Buku limodzi, ana khumi

Aphunzitsi anzanga, ine ndinayamba ntchito mu 1994, chaka chimene boma la Malawi linathetsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana olembetsa chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Sitandade 1 yanga inali pansi pa mtengo wa mango. Mvula ikangoyamba, tinkawerukira pomwepo.

Kuthetsa fizi kunathandiza, chifukwa ana a m'mabanja osauka analowa sukulu. Koma ngakhale kholo lisalipire, ndalama zimafunikabe. Malipiro athu amatenga gawo lalikulu la bajeti ya maphunziro, ndipo mabuku, choko ndi zimbudzi zimadikira zotsala. Ife ophunzitsa chiyankhulo zimatipweteka kwambiri, pakuti mwana sangadziwe kuwerenga popanda chowerenga. Kwa ine ana khumi ankaunjikana pa buku limodzi, ena akuliona mozondoka. Usiku ndinkakopera nthano pa makatoni kuti aliyense agwireko kanthu.

Inu a ku Zambia, kumene maphunziro anakhala aulere mpaka Giredi 12 mu 2022, mwina mukukumana nazo tsopano. Sabata ino werengani mabuku a m'kalasi mwanu, muwerengenso ana. Manambala awiriwo mukawatule ku komiti ya sukulu isanagawe ndalama.