Ulendo wa Panjinga m'Cisanu ca Julai

M'komboni ya Linda, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, muli anyamata anai amene anansi ao amati mitu yao siyenda bwino. M'mwezi wa Julai, pamene ena onse akali kudzikulunga m'mabulangete, iwo amadzuka pa Sondo kukali mdima nakwera njinga kupita kumapiri a kuseri kwa Chilanga. Sanyamula makala kapena ndiwo, ndipo kumeneko kulibe maliro ngakhale cikwati. Amangopita kukakwera zitunda ndi kutsikanso.

Kwa munthu wa ku Katete kapena ku Petauke zimenezi n'zobvuta kumvetsa. Kumudzi njinga iri ngati khasu. Akuluakulu akumbukira njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa ku Luangwa Industries ku Chipata: zinali kupita kucigayo, kunyamula feteleza ndi kufikitsa odwala kucipatala. Masewera okwera mapiri panjinga anayambira kutali, ku Marin m'cigawo ca California, m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1996 analowa m'mipikisano ya Olympic ku Atlanta. Ku Linda anafika ndi njinga za salaula, zamagiya ambiri ndi matayala amano.

Atatu mwa anyamatawo ali nazo njinga zotere. Wamkulu pa onse ndi mmisiri amene amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Wamng'ono alibe yace. Iye amakhala ndi amalume ace, amene amalima repu ndi matimati m'dimba nakagulitsa ku Soweto Market, ndipo njinga yao yakuda, yolemera, ya keliyala yoocherera, ndiyo imadyetsa banja lonse. Pa Ciweru madzulo mnyamatayo anagwada naipempha.

"Tenga," anatero amalumewo. "Koma ukaiononga, pa Lolemba udzatiuze cimene tidzadya."

Ananyamuka 5 koloko isanakwane. Aliyense anabvala masokosi m'manja, ndipo mmisiri anawagawira manyuzipepala akale oika pacifuwa m'kati mwa juzi, cifukwa pepala limachinga mphepo. Lusaka ali pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,280 kucokera panyanja yamcere, ndipo m'Juni ndi m'Julai kumwamba kumagona kopanda mitambo. Kutentha konse kwa usana kumathawa m'nthaka usiku, mpweya wozizira nutsikira m'madambo monga acitira madzi. Alimi a m'madimba acidziwa bwino cinthu cimeneci, pakuti ndico cimapsereza matimati ndi masamba a nthoci. Cipale cofewa sicigwa m'Zambia. Ofuna kuciona angapite kumapiri a ku Lesotho. Koma m'mawa umenewo, atapitirira fakitale ya samende ya ku Chilanga, imene iripo ciyambire 1949, anapeza udzu wa m'dambo utayera mbuu, mame ataundana, ndipo unali kuthetheka pansi pa matayala.

Mmisiri, amene sasowa nkhani, anawauza kuti ku Alaska anthu amapalasa pamwamba pa cipale ndi matayala onenepa masentimita 10. Anzace anafuna kuseka, koma milomo inali itauma.

Citunda coyamba cinali cacitali ndi camiyala. Atatuwo anasintha magiya nakwera pang'onopang'ono. Wamng'onoyo, pokhala ndi giya imodzi yokha, anaimirira pamapedulo, nakana kutsika kuti akankhe, poopa manyazi. Anafika pamwamba ali womaliza, thukuta liri kamukamu, navula juzi ndi masokosi a m'manja naziika pakeliyala. Anzace anali kuyang'ana dzuwa likuturuka ndi nkhungu itadzaza zigwa, motero panalibe amene anamuona.

Apa ndi pamene analakwa. Thupi lonyowa limazizira msanga, ndipo potsika phiri njinga imadzipangira yokha mphepo yace, kuonjezera pa mwera umene unali utayamba kale kuomba. Asanafike pakati pa citsetsereko zala zace zinafa dzanzi. Pamene anaona ngalande yokumbidwa ndi mvula iri patsogolo, anafuna kugwira buleki, koma zala sizinamumvere. Gudumu lakutsogolo linalowa m'ngalandemo, iye naulukira m'chire.

Anzace anamupeza atakhala pansi, bondo likucucha mwazi, mano akugundana. Bondolo sanali kulisamala. Maso ace anali pa limu imene inapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, masipoko atatu ali lendelende.

"Acimwene," anatero kwa mmisiri, "ine kunyumba sindibwerera."

Mmisiri sanayankhe. Anayamba wamubveka juzi lace, nauza awiri enawo kuti atole nkhuni. Moto utayaka anamuletsa kuika manja pafupi ndi lawi, cifukwa khungu la dzanzi limapsa mwini wace osamva. Anamuuza kuti ayambe wazifunditsa m'khwapa. Pambuyo pace anamasula gudumu, naligoneka pa miyala iwiri, naliponda mosamala kufikira linayamba kuongoka. Mmodzi anadzipereka kuti acotse masipoko panjinga yace, koma sanakwane: magudumu ao ndi a mainchesi 26, pamene la amalume ndi la 28. Cifundo cinalipo, koma citsulo cinali cacifupi.

Anabwerera wapansi, akulandizana njinga yolemerayo, ndipo anafika ku Linda anthu ataturuka kale m'machalichi. Ndalama zimene anasonkha kuti amwere tiyi ndi mabanzi panjira anagulira masipoko. Madzulo onse anakhala mozungulira mbaula kwa mmisiri, iye akumanga sipoko iyi ndi kumasula iyo, akuzungulitsa gudumu ndi kuliyang'ana ndi diso limodzi. Nchito imeneyi siifuna changu, pakuti ukakoka mbali imodzi mopitiriza, ina imathawa.

Gudumu litaongoka, mmodzi anati palibe cifukwa couzira amalume, popeza cilema sicioneka. Mnyamatayo anakondwera nao mauwo. Koma mmisiri anapukusa mutu.

"Limu yopindikapo siikhala monga kale, mphwanga. Mawa idzasenza matumba. Mwini wace ayenera kudziwa cimene akwerapo."

Anamuperekeza onse atatu. Amalume anamvetsera nkhani yonse ali cete. Anatukula njingayo, nazungulitsa gudumu, nayendetsa cala pa masipoko atatu onyezimira pakati pa akuda. Kenaka anayang'ana bondo lomangidwa nsanza.

"Kodi limapindika?"

"Inde, amalume."

"Cabwino. Popeza cisanu ucikonda, mawa ku Soweto udzapita ndiwe."

Pa Lolemba, 4 koloko m'mamawa, mnyamatayo anaturukira mumseu wa Kafue ndi matumba awiri a repu ndi bokosi la matimati pakeliyala, masokosi ali m'manja, nyuzipepala iri pacifuwa. Malole anali kumupitirira ndi mphepo yao yobaya. Pa dzenje lirilonse anali kutsika ndi kukankha. Atafika pa Makeni anamva belu kumbuyo kwace: anali mmisiri, sipanala iri m'thumba, akuti ali ndi zogula zace m'tauni.