Kuchokera ku Chileka kukafika pa Nthungwa

Amene tinakulira ku Chileka timazindikira ndege ndi makutu. Yaikulu yochokera ku Johannesburg ili ndi kaliridwe kake, ndipo zing'onozing'ono za asilikali a ku Zomba, zija za mapiko pamwamba, zili ndi kawo. Imodzi mwa zimenezi, ya mtundu wa Dornier 228, ndi imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8. Palibe amene anapulumuka. Za ngoziyo anthu akamba zambiri. Ine chimene chinandinyamula ndi china: zinatheka bwanji kuti ndege igwe cha m'ma 10 koloko m'mawa, m'dziko laling'ono ngati lathu lino, n'kudzapezeka mawa lake? Ndinafuna ndikaone malowo ndi maso anga, ndiponso m'nyengo yomweyo ya chiperoni.

Ndinanyamuka m'mamawa phiri la Michiru lisanaoneke bwino. Podutsa pampanda wa bwalo la ndege ndinakumbukira za March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri kuno kum'mwera. Anthu anatsekeredwa ndi madzi ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Nsanje, ndipo zinatengera mahelikopita obwera kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia kuti ena afikiridwe. Tinathokoza anzathuwo, n'zoona, koma mvula itasiya nkhani yoti ife eni tili ndi zida zotani zopulumutsira anthu inasiyanso.

Pa Kameza ndinakwera minibasi ya msewu wa Zalewa. Tinadutsa Lunzu ndi Matindi bwinobwino, koma pa Lirangwe dalaivala anazimitsa injini kuti adikire anthu. Ndani amatsutsana ndi kondakitala mipando ili yopanda anthu? Tinakhala pamenepo tikugula zitumbuwa pawindo, njinga zamakala zikudutsa mondondozana kulowera ku Blantyre. Bambo wina wachikulire amene ndinakhala naye mpando umodzi atamva kumene ndikupita anapukusa mutu.

"Achimwene, foni ikabedwa pa Lunzu pano anthu amaitsata mpaka kuipeza. Ndiye mundiuze kuti chindege chathunthu chingasowe usiku wonse?"

Minibasi yonse inalowerera. Aliyense anali ndi yankho lake, ndipo mayankho ambiri anali oloza chala munthu. Sindinawatsutse. Ndinangosuzumira panja n'kuona chifukwa chake maganizo otere amabwera msanga kwa ife a kuno. Dziko la ku Lirangwe ndi lambee. Mitengo inatha ndi makala, ndipo ukaima pamsewu umaona mbuzi ili kutali kutsidya kwa dambo. Munthu wokulira malo otere sangamvetse kuti chinthu chachikulu chingabisike.

Komatu bambo aja sanaphonye kwenikweni, chifukwa mafoni ndiwo anapereka mpata woyamba. Usiku wa tsiku la ngoziyo a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza mtundu wa Amalawi kuti nsanja za mafoni zathandiza kuloza dera loti afufuzemo, la makilomita 10 mbali zonse, cha ku Raiply ku Chikangawa. Nambalayo imamveka yaing'ono. Mukaiwerengera bwino ndi malo oposa masikweya kilomita 300. Nsanja imangonena kuti foni inali m'dera lake, sinena chigwa kapena chitunda chimene yagwera.

Titaoloka Shire pa Zalewa ndinasintha galimoto. Pa Nsipe, m'boma la Ntcheu, pamene a Chilima anaikidwa pa 17 June 2024, anthu m'basimo anatsitsa mawu okha popanda wowauza. Za Dedza, Lilongwe, Kasungu ndi Jenda ndilibe zambiri zoti ndinene, kupatula kuti msana unandiuza kuti dziko lathu ndi laling'ono pamapu pokha.

Ukangodutsa mphambano ya ku Mzimba msewu wa M1 umayamba kukwera, ndipo mphepo imasintha. Nkhalango ya Chikangawa, imene m'mabuku a boma imatchedwa Viphya, ndi yodzalidwa ndi manja. Paini wake anadzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960 pa mahekitala pafupifupi 53,000, cholinga chili choti adzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Lero mbali yaikulu inatha ndi moto ndi macheka. Wina angaganize kuti kutha kwa mitengoko kumapeputsa ntchito yofufuza, koma ayi. Pamene panadulidwa paini pamera tchire lowirira, zitsa zabisala mu udzu, ndipo tinjira ta mathirakitala a matabwa tangoti balala, tina n'kuthera m'chigwa popanda chenjezo.

Chifunga ndinakumana nacho ndisanatsike n'komwe. Dalaivala anayatsa magetsi masana, n'kumayenda ngati ali pamdipiti wa maliro. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inkangotulukira pafupi n'kuzimiriranso. Apa m'pamene funso la pa Lirangwe lija linayamba kundichepera mphamvu.

Ndondomeko ya tsikulo ndi yodziwika. Ndegeyo inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa, ulendo wa ku Mzuzu wa mphindi pafupifupi 45. A Chilima ankapita ku maliro a Ralph Kasambara, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, ku Nkhata Bay. M'ndegemo munalinso mayi Shanil Dzimbiri, amene kale anali mayi wa fuko. Nyengo ku Mzuzu inali yoipa, ndegeyo sinathe kutera, ndipo kenaka kulumikizana nayo kunaduka. Asilikali, apolisi ndi alonda a nkhalango mazanamazana analowa m'tchiremo wapansi. Boma linapempha thandizo ku America, Britain, Norway ndi Israel, ndipo a ku America analonjeza ndege yawo ya C-12. Koma ndege yofufuza imadalira maso a anthu ali m'mwamba, ndipo m'chifunga chotere masowo alibe ntchito. Zotsalira za ndegeyo zinapezeka pa 11 June.

Pa Nthungwa ndinapeza mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto. Tinagwirizana mtengo, ndipo anandiyang'ana nsapato n'kuseka.

"Adada, izi ndi za mu ofesi. Kumtundaku n'koterera."

Ananena zoona. Tinasiya njinga panjira n'kuyamba kukwera wapansi cha ku phiri la Pamphara, kumene ndegeyo inagwera. Udzu unali wonyowa mpaka m'mawondo, mphepo ikulasa m'makutu. Mnzangayo akangotsogola pang'ono ndinkamutaya, n'kumangotsatira mawu. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti malowo sali kutali kwenikweni ndi msewu waukulu. Tsiku lonse lija magalimoto ankadutsa, ena a anthu opita ku maliro omwewo. Ndinaganiza za msilikali amene anayenda muno usiku ndi tochi, m'chisanu cha June, osadziwa ngati akuyandikira kapena akutalikira. Anthu amenewa sitinawathokoze mokwanira. Mkwiyo wathu wa kuchedwa kwa ntchitoyo, umene unali ndi chifukwa chake, unagwera ndi iwo omwe.

Tsono nkhani yagona apa. Ndege zonyamula anthu zimayenera kukhala ndi kachipangizo kotchedwa ELT. Ndege ikamenyetseka pansi, kachipangizoka kamadziyatsa kokha n'kuyamba kutumiza chizindikiro chimene masetilaiti amamva, ndipo opulumutsa anthu amadziwa koyambira. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, dziko limene linapanga ndegeyo, atabwera kudzafufuza anapeza kuti kachipangizoka kanalimo, koma batire lake linatha ntchito mu 2004. Zaka 20 zathunthu. Kuonjezera apo kanali ka mtundu wakale. Kuyambira mu February 2009 masetilaiti a Cospas-Sarsat, amene amamvetsera kulira kwa ndege ndi sitima zimene zili pangozi padziko lonse, analeka kumvetsera pa 121.5 MHz n'kutsalira pa 406 MHz. Ndiye kuti ndege imene inkanyamula atsogoleri a dziko inali yosatha kuitana ikagwa, ndipo zinali choncho kalekale, a Chilima asanalowe n'komwe ndale.

Sindikunena kuti batire latsopano likanapulumutsa moyo wa munthu. Madokotala ndi ofufuza ananena kuti kugundako kunali koopsa kwambiri. Koma mabanja sakanagona usiku wonse akuyembekezera, anthu mazanamazana sakanamwazikana m'nkhalango mongoyerekeza, ndipo mphekesera sizikanapeza maola onse aja oti zimere mizu.

Ajeremaniwo anapezanso kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga za kayendedwe kake, aja timangowatcha kuti black box, ndiponso kuti zokambirana za pa wailesi pakati pa oyendetsa ndi a pabwalo la ndege ku Lilongwe sizinajambulidwe. Njira imene ndegeyo inadutsa anachita kuitulutsa mu GPS imene inapezeka pamalo a ngoziwo. Mu December 2024 komiti yofufuza imene ankatsogolera Justice Jabbar Alide inanena kuti sinapeze umboni wa chiwembu, ndipo inaloza nyengo yoipa ndi zochita za anthu. Ambiri sanakhutire, monga anzanga a mu minibasi aja. Ine sindiwaseka. Boma likafuna kuti anthu alikhulupirire pa nkhani yotere limatulutsa mawu ojambulidwa, ndipo pano panalibe choti litulutse.

Mnyamata uja anandifulumizitsa kuti titsike chifunga chisanatseke njira, poti analinso ndi makasitomala ena omudikira pamsewu. Ndinakagona ku Mzuzu nsapato zili zonyowa. Asilikali athu akadali ndi ndege zina, ndipo zimanyamulabe anthu. Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo ili ndi mphamvu zoitanitsa akuluakulu awo n'kuwafunsa deti limene lalembedwa pa batire la ndege iliyonse imene yatsala.